MAFUTA ODZOLA: TEMBENUZANI BOTOLO MUONE KUMBUYO

Mwezi wa Juni ukafika kwa Dzoole, mphepo ya mwera sifunsa njira. Imawomba kuchokera m'mapiri m'bandakucha, ndipo mayi amene walawirira kumjigo amabwerako milomo itang'ambika, miyendo ili mbuu ngati wagona paphulusa. Iyi ndi nyengo imene manja amakhalanso atatopa, pakuti mtedza wakumbidwa ndi kuthotholedwa, fodya wasankhidwa, chimanga chikutonoledwa. Zidendene zimachita ming'alu, ana amatuluka zikang'a. Tsono ndalama ya mtedza ikangomangidwa pansonga ya chitenje, ulendo wa ku Mponela sulephera, ndipo pa zogula za tsikulo sipasowa botolo la mafuta odzola.

Koma mafuta ake ati? Amene adaimako pa mabenchi a mumsika kapena m'golosale akudziwa mmene mabotolo amakhalira ndandanda, ena oyera, ena obiriwira, ena a chithunzi cha mtsikana wosalala ngati dzira. Wogulitsa aliyense amatama ake. Ambiri a ife timasankha ndi mphuno, ena ndi maso, ena poganiza kuti chokwera mtengo ndicho chabwino.

Tsiku lina titamaliza msonkhano wa banki m'khonde m'mudzi wina wa kwa Dzoole, ndidapempha amayi kuti sabata yotsatira aliyense abwere ndi chimene amadzola. Adabweradi nazo, mkeka n'kudzaza. Agogo ena adatulutsa nsupa ya mafuta a nsatsi, atsikana n'kuyamba kusekera m'manja. Tidachita chinthu chimodzi chokha: kutembenuza botolo lililonse ndi kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo. Zimene tidaphunzira pamkeka paja ndizo ndafuna kuti tikambirane lero, amayi anzanga.

KUMASO N'KWA WOGULITSA, KUMBUYO N'KWANU

Mawu a kumaso kwa botolo amalembedwa kuti akukopeni. Kumbuyo, pansi pa liwu lakuti Ingredients, ndi pamene opanga amaulula zimene adaikamo. Mndandanda umenewu uli ndi lamulo lake: chimene chachuluka chimayamba, chimene chachepa chimatsirizira. Mukaona kuti liwu loyamba ndi Aqua, dziwani kuti chochuluka m'botolomo ndi madzi. Parfum kapena Fragrance ndi fungo chabe. Siligwira ntchito iliyonse pakhungu, ndipo kwa ena ndilo limayambitsa kuyabwa ndi nsungu.

Botolo lina pamkeka paja lidalembedwa dzina la chomera china ndi malemba aakulu kumaso. Titafufuza kumbuyo tidachipeza chomeracho kumapeto kwenikweni, kuseri kwa fungo. Mayi wina adati, "Ndiye kuti atiitanira nyama, koma mumphika monse muli nthuli imodzi." Sadaname.

Musade nkhawa ngati Chingerezi chimakuvutani. Maina amenewa amalembedwa mofanana m'maiko ambiri, kotero mukhoza kungoyerekeza malembawo ndi amene ali patsamba lino, kapena kupempha mwana wa sukulu kuti akuwerengereni. Paja safunsa adadya phula.

KHUNGU LILI NGATI MTSUKO

Tonse tikudziwa kuti mtsuko wadothi umachita thukuta, ndipo madzi amachepa pang'onopang'ono ngakhale palibe amene watungamo. Khungu lathu limachitanso chimodzimodzi. Madzi a m'thupi amatulukira pakhungu usana ndi usiku, koma pamwamba pake pali kachikopa kopyapyala kokhala ndi mafuta achilengedwe amene amachepetsa kutayikako. Mphepo youma, madzi otentha kwambiri, fumbi ndi sopo wochapira zovala zimachotsa mafuta amenewa. Akachoka, khungu limauma, limatuwa, kenaka limang'ambika.

Choncho kutuwa si kusowa kwa fungo kapena kwa botolo lodula. Ndi kusowa kwa madzi pakhungu. Mafuta onse abwino amagwira ntchito imodzi, ziwiri kapena zonse mwa ntchito zitatu izi: kuvundikira kuti madzi asathawe, kukoka madzi, ndi kufewetsa.

OVUNDIKIRA

Mfumu ya ovundikira ndi mafuta olimba aja amene timangowatchula kuti vaselini, ngakhale kuti Vaseline ndi dzina la mtundu umodzi wokha. Kumbuyo kwa botolo amalembedwa kuti Petrolatum kapena Petroleum Jelly, ndipo mbale wake wamadzimadzi ndi Paraffinum Liquidum kapena Mineral Oil. Mbiri yake idayamba mu 1859 pamene Robert Chesebrough adapita ku zitsime za mafuta ku Titusville, m'dziko la America, ndi kuona antchito akupaka pa zilonda zawo phula lina limene linkakanirira pa zitsulo zokumbira. Iye adaliyenga mpaka lidayera, ndipo mu 1872 boma lidamupatsa chikalata cha umwini wa njira yakeyo.

Vaselini alibe madzi ngakhale dontho. Ntchito yake ndi ya chivundikiro cha pamphika, ndipo amaigwira kuposa mafuta ena onse, pakuti amatsekereza magawo oposa 90 pa 100 a madzi amene akadathawa. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Kudzola vaselini pakhungu louma kale kuli ngati kuvundikira mphika wopanda kanthu; mudzanyezimira, koma kuuma kuli pomwepo. Dzolani mukangotuluka kubafa, thupi lisanaumiretu, kuti mutsekere madziwo mkati. Ku ming'alu ya zidendene, viikani mapazi m'madzi ofunda madzulo, kwechani pang'ono pamwala, pakani vaselini ndi kuvala sokosi pogona.

Pali zochenjera nazo ziwiri. Choyamba ndi moto. Nsalu imene yalowerera mafuta amtundu umenewu imayaka msanga, ndipo ife nthawi ya chisanu timakhala pafupi ndi mafuwa ndi mbaula. Chapani kawirikawiri zitenje ndi zofunda za ana, ndipo mwana amene wangodzozedwa asakhale chifupi ndi malawi. Chachiwiri, munthu akapsa musathamangire kumupaka mafuta. Thirani madzi ozizira pamalo opsawo kwa mphindi 20, kenaka pitani naye kuchipatala. Kwa khanda sankhani vaselini woyera, wopanda fungo ndi wopanda utoto.

OKOKA MADZI

Mudaonapo mchere wa m'chitini ukunyowa wokha nthawi ya dzinja? Umakoka chinyontho cha mumpweya. Gilisalini, amene amalembedwa kuti Glycerin, amachita zomwezo pakhungu. Katswiri wa ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele, ndiye adamutulukira mu 1779, ndipo amachokera ku mafuta a zomera kapena a nyama, monga popanga sopo. Ndi wotsika mtengo, koma mudzamupeza pa nambala yachiwiri kapena yachitatu ngakhale m'mabotolo odula kwambiri a m'masitolo a ku Lilongwe.

Gilisalini payekha amanata ndipo amatola fumbi la mumsewu. M'miyezi youma ngati Julayi ndi Ogasiti mumpweya mumakhala mulibe chinyontho chokwanira choti akoke, tsono amafuna kuthandizidwa. Dontheza pang'ono padzanja lonyowa, pakani, kenaka vundikirani ndi kavaselini pamwamba. Awiriwa akagwirizana amaposa mabotolo ambiri a maina otchuka.

Wina wokoka madzi ndi Urea. Dzina limeneli litatchulidwa pamkeka paja amayi adaseka, popeza tonse timalidziwa pathumba la feteleza wobereketsa. Ndi chinthu chimodzimodzi ndithu, ndipo khungu lathu lili nacho kale mwachilengedwe, koma cha m'mafuta odzola ndi choyengedwa bwino ndi choyezedwa. Akakhala magawo 5 mpaka 10 pa 100 amanyowetsa khungu. Akafika 20 kapena 25 amafewetsa chikopa chokhuthala cha kuzidendene. Wa m'thumba uja ngwa chimanga, musayerekeze kumupaka pathupi.

OFEWETSA: ZA M'MUNDA MWATHU MOMWE

Khoma likachita ming'alu timalimata ndi dothi kuti lisalale. Mafuta a zomera amachita chimodzimodzi, amalowa m'timipata ta khungu lokhakhala. Pano ndi pamene agogo a nsupa aja adapambana mlandu. Mtsikana wina amene adaseka kwambiri adali ndi kopaka milomo m'chikwama, ndipo titawerenga tidapeza mawu akuti Ricinus Communis Seed Oil. Amenewa ndi mafuta a nsatsi, omwe aja makolo athu ankakazinga, kusinja, kuwiritsa ndi kuyengula pamwamba pa madzi. Agogowo adangoti, "Mdzukulu wanga, iwe wagula kusitolo zimene ine ndimatola kuseri kwa khola." Mafuta a nsatsi ndi okhuthala, amakhalitsa pakhungu, ndipo amathandiza m'zigongono, m'mawondo ndi m'mapazi. Koma njere zake zili ndi poizoni woopsa wotchedwa ricin, amene amatsalira m'zinyenyeswa mafuta akayengedwa. Njere ndi zotsalirazo zikhale kutali ndi ana ndi ziweto.

Mafuta a mpendadzuwa, Helianthus Annuus Seed Oil, ndi opepuka ndipo ali ndi mbiri yabwino. Mu 2005 madokotala adalengeza zotsatira za kafukufuku amene adachitika pa chipatala cha ana ku Dhaka, m'dziko la Bangladesh. Ana obadwa masiku asanakwane amene ankadzozedwa mafuta a mpendadzuwa sankagwidwa kawirikawiri ndi matenda olowa m'magazi. Chiopsezo chidatsika ndi magawo 41 pa 100 poyerekeza ndi anzawo osadzozedwa. Mu 2013 akatswiri a ku Sheffield, ku Mangalande, adayerekeza mafuta omwewa ndi a olive, amene ndi odula kwambiri kuno kwathu. Adapeza kuti a olive amafooketsa kachikopa ka pamwamba kaja, pamene a mpendadzuwa amakasunga. Mwaona tsono kuti mtengo si umboni. Chofunika n'chakuti akhale atsopano ndi aukhondo, osati otsala pokazinga mandasi. Pamchombo pa khanda pokha musapakepo mafuta alionse; tsatani zimene anamwino akuuzani.

Nanga a mtedza, mbewu imene Dowa amadziwika nayo? Pa botolo amalembedwa kuti Arachis Hypogaea Oil, ndipo kwa munthu wamkulu ndi abwino. Koma mu 2003 madokotala a ku Mangalande adaona kuti makanda a zotupa pakhungu amene ankapakidwa mafuta okhala ndi mtedza ankakhala pa chiopsezo chachikulu chodzayamba kudana ndi mtedza m'thupi, kotero kuti akaudya ankatupa. Mwana wa nsungu kapena wa khungu losupuka musamudzoze a mtedza.

LOSHONI NDI KIRIMU

Loshoni ndi madzi, mafuta ndi gilisalini zophatikizidwa, pamodzi ndi mankhwala ozigwirizanitsa ndi ena oletsa kuvunda. Kirimu ndi yemweyo, koma madzi achepa, mafuta achuluka. Choncho loshoni amayenera nyengo yotentha ya Okutobala pamene vaselini amalemera pathupi, ndipo kirimu amayenera chisanu. Chizolowezi chothira madzi m'botolo kuti loshoni achuluke n'choipa, chifukwa mankhwala oletsa kuvunda aja amasukuluka ndipo tizilombo timaswana momwemo.

Kirimu wa kamfa, Camphor, amakondedwa chifukwa cha fungo ndi kuzizira kwake. Kamfayo amatonthoza kuyabwa, koma si iye amene amanyowetsa khungu. Ntchito imeneyo amagwira ndi gilisalini ndi mafuta amene ali naye limodzi. Sayenera makanda kapena pachilonda, ndipo mwana akamumeza akhoza kukomoka ndi kuphupha. Ikani botololo pamwamba.

Palinso Aqueous Cream, woyera ndi wotsika mtengo, amene amayi ambiri amadzoza ana. Poyamba adapangidwa kuti azisambira m'malo mwa sopo. Mu 2013 bungwe loyang'anira mankhwala ku Mangalande lidachenjeza kuti akasiyidwa pathupi amatha kuwotcha ndi kuyabwitsa, makamaka ana a khungu lovuta, chifukwa cha Sodium Lauryl Sulfate amene amakhalamo. Mukaona dzina limeneli, msambitseni naye mwana ndi kumutsukuluza, osati kumudzoza.

Oteteza ku dzuwa ali ndi ntchito yawoyawo. Yang'anani Zinc Oxide kapena Titanium Dioxide, ndi malemba akuti SPF otsatidwa ndi nambala 30 kapena kuposa. Kwa abale athu achialubino mafuta amenewa ndi moyo weniweni, pakuti khungu lawo lilibe melanin, utoto wachilengedwe umene umatchinga dzuwa, ndipo popanda chitetezo amadwala khansa ya pakhungu. Vaselini ndi loshoni wamba sizitchinga dzuwa. Mayi amene ali ndi mwana wotere akafunse kuchipatala za mafuta oyenera, osaiwala chipewa chakhonde ndi malaya a manja aatali.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Anthu atayamba kubalalika, mayi wina wachitsikana, wa pabanja la chaka chimodzi, adatsalira. Adamasula mpango ndi kundionetsa kachubu kamodzi ndi kabotolo kopanda dzina, ka mafuta osakaniza amene adagula kwa munthu woyenda nawo m'chikwama. Nkhope yake idali yoyera kuposa khosi, mfundo za zala zili bii, ndipo m'masaya mudayamba kuoneka timitsempha tofiira. Adandinong'oneza kuti, "Amayi, ndikangosiya masiku atatu nkhope imayaka moto ndi kutuluka ziphuphu. Komanso ndili ndi pakati." Nditamufunsa chimene adayambira, adayang'ana pansi nati bambo a kunyumba adatamapo mkazi wina woyera wa pamsika.

Mafuta oyeretsa khungu sagwira ntchito iliyonse mwa zitatu zija. Ntchito yawo ndi kulimbana ndi melanin, mlonda yemwe uja amene anzathu achialubino akuvutika pomusowa. Maina oti muwaope ndi atatu.

Loyamba ndi Hydroquinone. Amaletsa khungu kupanga utoto wake. Madokotala amamugwiritsa ntchito pa zipsera zina, pamuyeso wochepa ndi kwa miyezi yowerengeka. Akadzoledwa nthawi yaitali amatembenuka: m'masaya ndi pamphumi pamabuka zigamba zakuda kuposa khungu loyamba lija, zokhakhala, zimene sizichoka ndi sopo kapena mafuta ena alionse. Madokotala a ku Pretoria adalemba za nthendayi mu 1975 ataiona mwa amayi ambiri a ku South Africa, ndipo mu 1990 dzikolo lidaletsa hydroquinone m'mafuta odzola. Maiko a mgwirizano wa ku Ulaya adachita chimodzimodzi mu 2001.

Lachiwiri ndi gulu la mankhwala otchedwa steroid, makamaka Clobetasol ndi Betamethasone. Kachubu ka mayi uja kadali ka gulu limeneli. Amenewa ndi mankhwala enieni a nthenda za pakhungu, oyenera kulembedwa ndi dokotala kwa masiku ochepa. Akasanduka mafuta a tsiku ndi tsiku amapyapyalitsa khungu mpaka mitsempha kuonekera, amang'amba mizere m'mikono ndi m'ntchafu, amabweretsa ziphuphu, ndipo zipere zimafalikira popeza khungu lataya mphamvu yodziteteza. Amalowanso m'magazi, kumene angathe kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Chilonda chimachedwa kupola, nkhani imene mayi woyembekezera ayenera kuiganizira, pakuti sadziwa ngati adzachira bwinobwino kapena adzachitidwa opaleshoni.

Lachitatu, loopsa kuposa onse, ndi Mercury, amene amabisala m'maina monga Calomel, Mercurous Chloride ndi Ammoniated Mercury. Amaononga impso ndi mitsempha ya ubongo, amadutsa kufika kwa mwana ali m'mimba, ndiponso amapezeka mumkaka wa m'mawere. Amatsalira pa thaulo ndi pa zofunda, kotero kuti mwamuna ndi ana amene sadadzole amalandirako. Dziko lapansi lidadziwa ukali wake ku Minamata, m'dziko la Japan, kumene mu 1956 kudadziwika nthenda yopuwalitsa anthu amene ankadya nsomba za m'nyanja yothiridwa mercury ndi fakitale. Pangano la maiko lolimbana ndi mercury, limene lidasainidwa mu 2013, lidatenga dzina la mzinda umenewu, ndipo mu 2023 maiko a m'panganoli atakumana ku Geneva adagwirizana kuti pofika 2025 zodzola zonse zothiridwa mercury zithetsedwe.

Vuto n'lakuti opanga mafuta otere kawirikawiri salemba zoona kumbuyo. Tsono pamene mndandanda uli chete, tcherani khutu ku malonjezo. Botolo lolonjeza kuti muyera m'masiku 7, lolembedwa Whitening kapena Lightening, lopanda dzina ndi keyala ya wopanga, lopanda tsiku lothera mphamvu, kapena losakanizidwa ndi munthu kunyumba kwake, lisiyeni pomwepo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Mayi uja ndidamulangiza kuti kabotolo kopanda dzina akasiye tsiku lomwelo, ndipo atenge zonse ziwiri kupita nazo kusikelo kuti anamwino akazione. Amene wadzola steroid nthawi yaitali amafunika kusiyitsidwa pang'onopang'ono moyang'aniridwa ndi achipatala, chifukwa kusiya mwadzidzidzi ndiko kumayatsa nkhope. Chithandizo chimayambira pa chipatala chaching'ono cha kwa Dzoole kapena ku Mponela, ndipo zikavuta amatumiza kwa madokotala a khungu ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Palibe chochititsa manyazi. Wakhala chete ndi amene amapweteka.

Apongozi, alamu ndi anankungwi, nkhani iyi ndi yanunso. Mtsikana sayamba yekha kudana ndi khungu lake. Amayamba wamva mawu. Ndipo abambo amene amasuzumira tsamba lino mayi akapita kudimba amve: liwu limodzi lotama kuyera kwa mkazi wa eni likhoza kudwalitsa impso za mkazi wanu ndi mwana amene sadabadwe.

MUKAFIKA PAMSIKA

Gwirani botolo, litembenuzeni, werengani maina asanu oyamba, pakuti amenewo ndiwo mukugula. Funani Petrolatum, Glycerin, Urea kapena mafuta a zomera amene tatchula aja. Onani tsiku lothera mphamvu ndi dzina la wopanga, ndipo pa katundu wopangidwa kuno kwathu yang'anani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1972 kuti liziyeza katundu. Machubu a mankhwala malo ake ndi kuchipatala ndi kufamase yovomerezedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, osati pabenchi pakati pa sopo ndi ndolo. Mafuta achilendo yambani mwawayesa mkati mwa mkono kwa masiku awiri kapena atatu musanawafikitse kumaso.

Pamkeka paja, titasiyanitsa mabotolo onse monga mwa ntchito zake, tidapeza kuti mayi amene adali ndi khungu losalala kuposa tonse ankadzola gilisalini ndi vaselini basi, ndipo ankasambira sopo wosambira, osati wochapira. Wotsatira wake adali agogo a nsupa aja. Ndalama imene ena tidataya pa fungo ndi pa zithunzi ikadagula makope a ana kapena kukhala sheya kubanki m'khonde.

Sabata ino, musanadzole, tembenuzani botolo lanu. Mukapeza dzina limodzi mwa atatu oopsa aja, musangolitaya mwakachetechete. Muuzeninso mnzanu wa kumjigo. Paja wakutsina khutu ndi mnansi.